Tsiku Limene Kaputeni Anaimirira

Gawo lomaliza la sewero la pa kanema la Mlatho wa Nyenyezi tinaonera pamalo athu a nthawi zonse, m'chipinda chapansi cha laibulale ya m'dera lathu muno mu Winnipeg, Loweruka masana. Tinalipo anthu oposa makumi awiri, majekete a chisanu titaunjika pakona, nsapato zikunyowetsa kapeti. Ine ndinali kutsogolo monga mwa masiku onse, chifukwa njinga yanga ya olumala silowa pakati pa mipando. Wendell anakhala kumanzere kwanga.

Dzina langa ndine Daryna. Ndinabadwa ndi vuto la msana ndipo sindinayendepo ndi miyendo chibadwire. Ndikunena izi msanga chifukwa anthu amakonda kufunsa kuti chinachitika n'chiyani, nkhope atazigwetsa ngati ali pamaliro. Palibe chinachitika, ndinangobadwa basi.

Seweroli ndinalikonda chifukwa cha Kaputeni Maelis, mkazi amene ankalamula chombo cha m'mlengalenga atakhala pampando woyandama. Zaka zisanu zathunthu mayi ameneyu anapulumutsa maiko ndi kukalipira mafumu a kunyenyezi zakutali, ndipo zaka zisanu zomwezo makaniko wa chombocho, Tobren, ankamudya ndi maso koma osamugwira ngakhale chala. Wendell ndinadziwana naye tikukangana za awiriwa. Iye ankati Tobren ndi wamanyazi chabe, ine ndinkati olemba seweroli ndi amantha. Mkanganowo tinakaupitiriza pa khofi, kenako pa khofi wina, mpaka tinangozindikira kuti tatha zaka ziwiri tili pachibwenzi.

Kutatsala mphindi khumi kuti gawolo lithe, zolengedwa za kudziko lina zinamutenga Maelis n'kumuika m'dziwe la kuwala. Utsi unakwera. Utabalalika, mayi uja anaponda pansi, anadzuka, naponya mwendo katatu. Pamenepo ndi pamene Tobren anathamanga n'kumupsompsona.

Chipinda chonse chinaomba m'manja. Wina anaimba likhweru. Nditacheuka ndinaona Wendell naye akuomba, misozi ili lengelenge m'maso. Mtima wanga unazizira kuposa panja.

Kumbuyo kwathu kunakhala Corinne. Uyu anakulira tchalitchi chimodzi ndi Wendell kwawo ku Steinbach, ndipo anali chibwenzi chake ine ndisanabwere. Gulu lathu analowa chaka chatha, akuti anangolikonda seweroli mwadzidzidzi. Anandigwira paphewa.

"Zokongola eti, Daryna? Mayi uja wavutika mokwanira, wapeza chimwemwe chake."

"Chotsa dzanja," ndinatero.

* * *

M'galimoto Wendell anayatsa chotenthetsa, nadikira kuti galasi lisungunuke.

"Wangoti phee bwanji?"

"Ndikuwerengera."

"Ukuwerengera chiyani?"

"Magawo makumi asanu ndi limodzi munthu ali pampando, mlomo wa Tobren sunapezeke. Kungoimirira masekondi atatu, mlomo uja wapezeka."

Anaseka pang'ono, koma ataona nkhope yanga anasiya. "Ndi sewero chabe, Daryna."

"Sewero lomwelo lakuliza iwe."

"Ndalira chifukwa apsompsonana. Takhala tikudikira zaka zisanu."

"Waomba m'manja ataimirira. Kupsompsonako kunali kusanafike. Ndimakuona."

Sanatsutse. Wendell ndi munthu wosatha kunama, ndipo khalidwe limeneli ndi limene linandikopa poyamba. Tsiku limenelo ndinalakalaka akanatha pang'ono.

"Ndiuze," ndinatero, "mawa nditati ndadzuka n'kuimirira, ungasangalale?"

Anapukuta galasi ndi dzanja, ngakhale linali litayera kale. "Ndingasangalale kuti msana wasiya kukupweteka nyengo yachisanu."

"Sindinafunse za msana."

Galimoto inanyamuka.

* * *

Masiku atatu tinkangolemberana pafoni.

"Wadzuka bwanji, Kaputeni?" analemba Lolemba. Umu ndi mmene ankanditchulira tikakhala pabwino.

"Ndadzuka chokhala," ndinayankha.

"Ukadali wokwiya."

"Sindinakwiye. Ndakhumudwa. Ndi zinthu ziwiri."

Lachiwiri analemba uthenga wautali. Anati waganizira nkhaniyo ndipo akuvomereza kuti olembawo analakwitsa, akanatha kuwapsompsonetsa kalekale. Anawonjezanso kuti komabe nyimbo ya pamapetopo inali yabwino. Ndi mmene alili Wendell, amapepesa bwinobwino kenako n'kuponda pachilonda pomwepo.

Lachitatu analemba kuti, "Amayi akutiitana nkhomaliro Lamlungu. Chonde usakane. Ndakusowa."

Nanenso ndinali nditamusowa, ndipo zimenezi zinandipsetsa mtima kwambiri. Ndinavomera.

* * *

Nyumba ya Mayi Klassen, mayi ake a Wendell, ili ndi masitepe asanu pakhomo. Zaka ziwiri ndikupitako, palibe anaganizapo zoikapo thabwa, ngakhale Wendell amakhoza kukhoma chilichonse. Amandinyamula m'manja, mayi ake ataima pakhomo kuonerera, kenako n'kubwerera kukatenga njinga. Aliyense amati ndi chikondi. Ine ndimadziona ngati thumba la mbatata.

Mayi Klassen anaphika supu wa kabichi ndi soseji yakwawo. Tisanadye anapemphera nthawi yaitali, mpaka supuyo anayamba kuzizira.

"Wendell anandiuza kuti ndionere sewero lanu lija," anatero akundipatsira. "Ine za zombozi sindizitsata, koma pamapeto paja ndinalira. Mulungu ndi wabwino."

"Sanali Mulungu, mayi," ndinatero. "Zinali zinthu za maso anayi."

Wendell anatsamwa ndi supu. Mayi ake sanaseke.

Titatha kudya anamutuma kukakokolola chipale chofewa panjira ya galimoto. Chitseko chitangotsekeka anakoka mpando n'kukhala pafupi nane.

"Mwanawe, usamaganize kuti ndimadana nawe. Ndiwe mtsikana wanzeru, ndipo mwana wanga umamusangalatsa."

"Zikomo, mayi."

"Bambo ake a Wendell ndinawadwazika zaka zisanu ndi ziwiri. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwanyamula. Ndinkawakonda, koma panali masiku amene ndinkakhala m'galimoto panjapo, osafuna kulowa m'nyumba. Sindinauzepo munthu zimenezi. Sindikufuna kuti mwana wanga ayambire pamene ine ndinathera."

Ndinawamvera chisoni, sindikubisa. Koma chisoni sichinanditseke pakamwa.

"Ine sindikudwala, mayi. Ndimakhala ndekha, ndimaphika ndekha, ndimasamba ndekha. Malo okhawo amene mwana wanu amandinyamula ndi pano."

Anayang'ana kukhomo, kenako anayang'ana manja awo. "Ndangomupempha kuti asafulumire. Dziko likusintha, mwanawe. Zimene zinali zosatheka dzana, lero zikutheka."

Pobwerera ndinamufunsa Wendell ngati mayi ake anamuletsa kundifunsira. Anati iye ndi munthu wamkulu, palibe angamuletse. Koma ananena maso ali pamsewu.

* * *

Chaka chilichonse mu Malichi mumzinda muno mumakhala msonkhano wa okonda masewero a zam'mlengalenga. Anthu amavala ngati a m'masewerowo, ndipo pamakhala mpikisano wa awiriawiri. Amene sanafikeko sangamvetse. Kumeneko munthu wamkulu, wa ana ake, amatha kukwiya tsiku lonse chifukwa jekete la mnzake lili ndi mabatani asanu pomwe pa kanema linali ndi anayi. Oweruza amayang'ana chinthu chimodzi, kuti mwafanizira ndendende mmene zinalili.

Ine ndi Wendell tinayamba kukonzekera mu Novembala, ine ngati Maelis, iye ngati Tobren. Iye anakhoma matabwa opepuka kuzungulira njinga yanga, anawapaka utoto wasiliva, naika timagetsi tabuluu kunsi, kuti ndikamayenda ndizioneka ngati ndikuyandama. Tsiku loyamba kuiyesa ndinadziyang'ana pagalasi n'kulira. Aka kanali koyamba kuvala ngati munthu wa pa kanema popanda kubisa kalikonse.

Kenako okonza msonkhano analengeza kuti chaka chino awiriawiri onse a Mlatho wa Nyenyezi achite chochitika chomaliza chija.

Nditafika kugalaja ya Wendell kuti tikambirane, ndinapeza Corinne atakhala pa tebulo la zipangizo, akugwedeza miyendo.

"Corinne ali ndi nzeru ina," anatero Wendell, maso akuwala. "Tamvera kaye usanayankhe."

"Ndi zophweka," anatero Corinne. "Ine ndi iwe tsitsi ndi lofanana. Iwe ulowa pansanja ndi mpando wako, ulankhula mawu a Kaputeni. Utsi ukakwera ubwerera chambuyo kuseri kwa katani, ine n'kutulukira nditavala ngati iwe. Wendell athamanga, basi."

"Basi chiyani?"

"Kupsompsona kwa pasewero. Usade nkhawa, ndi masekondi awiri."

"Ena onse angodzuka pampando wabodza," anatero Wendell. "Ife tikhala ndi mpando weniweni ndi kuimirira kwenikweni. Palibe angatipose, Daryna. Zikhala ndendende."

Ndinamuyang'anitsitsa. Munthuyu sankafuna kundipweteka, ndipo sankafunanso milomo ya Corinne. Ankangoona mabatani ndi utsi. Tinali titakangana sabata yathunthu za nkhani yomweyi, iye n'kupepesa, koma atangomva mawu akuti ndendende zonse zinauluka m'mutu.

"Ndiye ine ntchito yanga ndi kuchoka," ndinatero.

"Ayi, iwe ndiye Kaputeni weniweni. Gawo lalikulu ndi lako."

"Ngati sukufuna unene, mnzanga," anatero Corinne mokoma. "Ine ndimangofuna kuthandiza. Nanga mukanatani?"

Ndinavomera. Mnzanga wina anandiuza pambuyo pake kuti kumeneko kunali kupusa, ndipo mwina ananena zoona. Koma ndinali nditatopa kumufotokozera munthu chinthu choti akanayenera kuchiona yekha. Ndinkafuna ndione ngati maso ali nawo.

Tinayeserera kanayi. Kanayi konse ndinabwerera chambuyo kuseri kwa bulangete lomwe anapachika m'galajamo, n'kumamvera nsapato za Corinne zikugogoda pasimenti. Kupsompsonako ankati adzachita tsiku lomwelo. Wendell sanaone kanthu.

* * *

Tsikulo holo inadzaza, anthu mazana angapo, ena atapaka nkhope zobiriwira, ena atanyamula mfuti zapulasitiki. Inali cha m'ma 3 koloko masana. Awiriawiri asanu anapita patsogolo pathu, ndipo asanu onsewo anadzuka pamipando yawo ya makatoni anthu n'kuomba m'manja.

Atatiitana ndinalowa, timagetsi tikuwala kunsi kwanga. Holo yonse inang'ung'udza mogoma. Ndinalankhula mawu a Maelis otsanzika gulu lake. Nyimbo inayamba, makina anatulutsa utsi.

Manja anga anali pa mateyala, okonzeka kubwerera. Ndinamva katani ikugwedezeka kumbuyo kwanga, Corinne akutuluka. Pamenepo ndinaganiza za kukhala kuseriko ndekha, n'kumamva anthu onsewa akusangalala kuti ndachoka. Ndinamanga mabuleki.

Utsi utabalalika, pansanja panali a Maelis awiri. Wina ataimirira, manja atatambasula. Wina atakhala.

Wendell anathamanga monga tinayeserera, koma anakaima pakati. Anayang'ana Corinne, anayang'ana ine. Nyimbo inkapitabe. Ndinaona nkhope yake ikusintha pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakumbukira ali pamsewu kuti wasiya poto pamoto.

"Wendell, tiye," Corinne ananong'ona.

Iye anatembenuka, anabwera kwa ine, nagwada mpaka nkhope zathu zinalingana.

"Ndine chitsiru," anatero motsitsa mawu. "Pepa, Daryna."

Anandipsompsona, ndipo sanali masekondi awiri.

Anthu anasokonezeka. Ena anaomba m'manja mokayika. Bambo wina kumbuyo anakuwa kuti sizinathe choncho pa kanema. Mayi wina wa ndodo pamzere woyamba ankamenyetsa ndodo yake pansi mosalekeza. Oweruza anatipatsa malikisi otsikitsitsa, akuti tasintha nkhani. Ine ndinatsika pansanjapo mtima uli mbee, ndipo ndinaganiza kuti funso langa layankhidwa.

* * *

Wendell anapita kukatenga majekete athu. Ndili m'khonde la kuseri kwa holo, Corinne anabwera, nsapato atazinyamula m'manja. Maso ake anali ofiira, ndipo ndinamumvera chisoni pang'ono, chifukwa kuima manja ali m'mwamba pamaso pa anthu mazana si zinthu.

"Wandichititsa manyazi," anatero.

"Unadzipereka wekha."

"Chabwino. Sangalala." Anayamba kuchoka, kenako anabwerera. "Koma ku America kuja mupita liti?"

"Ku America kukatani?"

Anandiyang'ana, ndipo nkhope yake inawala pang'ono. "Sunauzidwe? Mayi Klassen anaimirira m'tchalitchi Lamlungu lapitali kupempha mapemphero, mpingo wonse unamva. Akuti madokotala a kuchipatala china kumeneko ayankha, aona mapepala ako a msana ndipo akufuna akuone mu Meyi. Anthu anakupempherera pokutchula dzina. Nanenso ndinapemphera."

"Mapepala anga anawapeza kuti mayiwo?"

"Funsa Tobren wakoyo," anatero, n'kumapita.

Mapepala anga achipatala amakhala m'dilowa ya m'chipinda changa chogona. Amene amalowa m'menemo ndi munthu mmodzi.

Wendell anabwera akumwetulira, milomo ikadali ndi utoto wanga wofiira. Ataona nkhope yanga anaima.

"Unatsegula dilowa yanga?"

Majekete aja anatsala pang'ono kumugwa. "Corinne."

"Usatchule Corinne. Unatsegula?"

"Ndinangowajambula ndi foni. Ndimafuna ndikuuze, koma ndimadikira nthawi yabwino."

"Liti?"

"Mu Januwale."

Mu Januwale. Gawo lomaliza lija linali lisanaonetsedwe n'komwe. Tsiku limene ndinamufunsa m'galimoto, iye n'kumandiyankha za msana, kalata inali itapita kale.

"Tamvera, Daryna," anatero mofulumira. "Ndinawauza amayi kuti ndikufuna kukukwatira. Analira masiku awiri. Kenako anati tiyambe tamva madokotala. Madokotala akati n'zosatheka, amayi avomera ukwati. Akati n'zotheka, avomeranso. Ndinaona ngati ndi njira yachidule. Ndinkaganiza kuti ayankha kuti ayi, nkhani n'kuthera pomwepo, iwe osadziwa n'komwe."

"Ndiye ayankha kuti chiyani?"

"Akuti mwina. Akuti pali chithandizo chatsopano chimene akuyesa. Osati kuyenda kwenikweni, koma mwina kuimirira ndi zogwirira."

"Mayi ako ndawamva. Ndikufunsa iwe. Ukufuna ndipite?"

Ndinapemphera mumtima kuti aname, kamodzi kokha m'moyo wake. Anagwada, nagwira dzanja langa.

"Ndimakukonda mmene ulilimu, Mulungu ndi mboni. Koma chiyambire kubwera kalatayo ndakhala ndikulota ukubwera kwa ine m'tchalitchi uli chiimire. Sindikufuna kulota zimenezo, koma zikumabwera. Sungangoyesa, chifukwa cha ife?"

Sindinalire. Ndinamva kutopa kwakukulu, kwa munthu amene wakonda ndi mtima wonse n'kuzindikira kuti mnzakeyo wakhala akukonda anthu awiri, ndipo winayo kulibe, sanabadwe n'komwe.

"Ndikufuna kupita kwathu," ndinatero. "Ndiitana takisi."

"Ndikuperekeza."

"Ayi. Koma njinga yangayi singalowe m'takisi ndi matabwa akowa. Achotse."

Anatulutsa sikuludilaiva m'thumba la yunifolomu ya Tobren. Matabwawo anawamanga ndi misomali yopota khumi ndi iwiri, ndipo anayamba kumasula umodziumodzi, ali chogwada, anthu a nkhope zobiriwira akutidutsa. Timagetsi tinazima. Thabwa lakumanja linachoka, kenako lakumbuyo. Ine ndinadziletsa kuti ndisamugwire tsitsi.

Atafika pa msomali womaliza anaima.

"Madokotala akufuna yankho pofika Lachisanu," anatero osadzutsa mutu. "Ndipo amayi anena kuti ukakana osayesa n'komwe, ku ukwati wathu sadzabwera. Ndiwauze chiyani?"

"Amene anatumiza kalata ndi iwe, yankho lake ulipeze wekha," ndinatero. "Masula."